Nkhope ya Amayi Pamwamba pa Golide

Firenze, 12 Febuluwale 1961

Okondedwa Bambo anga,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene maso anu sakufunanso zolembalemba. Achimwene a Egisto akuwerengereni pang'onopang'ono, asadumphe mizere monga amachitira. Kodi muli bwanji? Nanga alamu ndi ana? Ine ndili bwino, kungoti kuno kumzinda kukuzizira, ndipo zala zanga zang'ambika ndi madzi otsukira maburashi.

Ntchito ikuyenda. Bwana Lensi, amene amakonza zithunzi zakale aja, si munthu woipa, ngakhale amakalipa. Ine ndimasesa, ndimatsuka mabotolo, ndiponso ndimakulunga thonje pa timitengo timene amapukutira zithunzi. Amati anandisunga chifukwa sindilankhula, mpaka anandipatsa dzina loti Kachetechete.

Koma Lachiwiri lapitali ndinalankhula, ndipo n'chimene ndalembera kalatayi.

Abwana ankakonza chithunzi cha pathabwa, cha golide kumbuyo kwake. Ine ndinaima pafupi ndi mbale ya thonje. Osandiyang'ana n'komwe anati, "Iwe Kachetechete, kwanu kumapiriko kuli chinanso kupatula mbuzi ndi nsabwe?" Amisiri awiri amene amagwira nawo ntchito anaseka. Zinandiwawa, Bambo. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Kuli Amayi Maria a m'tchalitchi mwathu. Nawonso ali ndi golide ngati ameneyo, pangodya pamene kandulo inatentha penti."

Anaika kampeni kawo pansi. "Golide pansi pa penti? Ndi thabwa kapena nsalu?" Ndinati thabwa. Anafunsa kukula kwake, ndinaonetsa ndi manja. Kenaka anafunsa kuti anapenta komaliza ndani.

Ndinangoti, "Munthu wina wa konko." Sindinanene kuti ndinu. Sindinanenenso kuti nkhope ili pamenepo ndi ya Amayi athu, imene munajambula nkhondo itatha, mvula italowa padenga n'kuononga yakale.

Tsopano akuti abwera kumeneko ndi kalata ya ku ofesi ya boma yoyang'anira zinthu zakale. Sindikudziwa chimene akachite. Chimene ndikudziwa n'chakuti tilibe chithunzi china cha Amayi. Anandisiya ndili ndi zaka zinayi, ndipo nkhope yawo imene ndimaidziwa ndi yomweyo ya kuguwa.

Musandikwiyire. Mundiuze mmene mukuganizira.

Ndine mwana wanu,
Nerina


Valdisorbo, 5 Malichi 1961

Mlongo wanga Nerina,

Kuno tonse tili bwino, kupatula kamnyamata kanga kakang'ono kamene kakutsokomola, ndi bulu amene wayamba kutsimphina. Ukapeza mankhwala a maso aja a m'kabotolo kabuluu, utumize, a Bambo atha.

Koma iwe! Munthu amene sunkatha ngakhale kupempha mchere patebulo, tsiku loyamba kutsegula pakamwa wakanyamulitsa Amayi Maria m'tchalitchi! Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wako watsata mpaka kuno, wabwera ndi lole.

Bwana wako uja anafika Lachinayi ndi amuna awiri. Atangolowa anagwada pamaso pa chithunzi. Amayi a m'mudzi anati eee, koma munthu wa Mulungu uyu. Osadziwa kuti akungosuzumira pangodya paja ndi kagalasi. Wansembe wathu, a Don Celso, anawerenga kalata ya boma, n'kuvomera. Anakulunga chithunzicho m'mabulangete ngati munthu wodwala. Mai Zelinda anaima pakhomo manja ali m'chiuno, n'kumakuwa kuti, "Tengani ndi belu lomwe! Kwezaninso wansembeyo, ndiye sitidandaula!"

A Bambo anaima kumbuyo, chipewa chili m'manja. Asanakulunge, bwana wakoyo anagogoda chovala chabuluu chija ndi chikhadabo n'kufunsa kuti, "Kodi ndani anapaka ichi penti ya zitseko?" Aliyense akuyang'ana pansi, a Bambo akuyang'ana kudenga. Koma ukudziwa anthu a kuno. Kumowa tsopano a Bambo akangolowa, wina amakuwa kuti, "Mpando kwa a Torello, katswiri wa zitseko zoyera!" Iwo amaseka nawo, koma abwerako msanga masiku ano.

Mawu awo kwa iwe ndi awa, ndalemba monga ananenera: "Chovala achotse, mitambo achotse, ndi zanga zopusa zimenezo. Koma nkhope asakhudze. Umuuze Nerina anene zimenezo."

Tsono awa ndi anga, sindinawawerengere. A Don Celso akuti ngati pansipo pali chithunzi cha zaka mazana asanu ndi limodzi, alendo azibwera kudzachiona, ndipo boma lingathire phula pamsewu wathu. Ine ndi mlamu wako tayamba kuganiza zoika matebulo atatu pansi pa mpesa paja, tizigulitsa nyemba, tchizi ndi vinyo. Amayi ndimawakumbukira ndine, ndinali ndi zaka khumi. Koma chithunzi sichidyetsa ana. Usachite phuma ndi kulankhula, uyambe waona kaye.

Mlongo wako,
Egisto


Firenze, 26 Malichi 1961

Okondedwa Bambo anga,

Ndikhulupirira kuti mankhwala a maso munalandira, ndinapatsira woyendetsa basi. Mwana wa achimwene akupeza bwanji?

Amayi anafika bwino. Pepani, ndikutanthauza chithunzi. Anachigoneka patebulo lalikulu pafupi ndi zenera. M'mawa ndikamasesa ndimayambira pamenepo.

Ndikufuna ndikufotokozereni mosamala mmene akugwirira ntchito, kuti mudziwe zonse. Sachotsa penti nthawi imodzi. Amayamba atsegula timene amati timazenera. Ndi timalo tating'ono ngati sitampa, m'mbalimbali mwa thabwa. Amanyowetsa ndi thonje la mankhwala, n'kumapala ndi kampeni pang'onopang'ono mpaka aone chimene chili pansi. Akaona, amatsegula kena mkati mwa komweko, kuti aone cha pansi pakenso.

Bambo, pansi pa penti yanu pali zithunzi zinayi, china pamwamba pa chinzake.

Choyamba mukuchidziwa, ndi chimene munachipeza inu: mitambo yofiirira ngati maluwa a pichesi, ndi tiangelo tonenepa tosavala. Abwana akuti ndi cha m'zaka za m'ma 1700. "Anthu a nthawi imeneyo ankafuna kuti kumwamba kukhale ngati chipinda chogona cha mkazi wa munthu wolemera," anatero.

Pansi pake pali mdima wokhawokha, wakuda bii, kuwala kukuchokera mbali imodzi ngati wina watsegula chitseko cha khola. Ndi cha m'ma 1600, dzina lake akuti Baroko. Ndinawapempha kuti andilembere kuti ndisalakwitse. Akuti masiku amenewo mpingo unkafuna kuti munthu akalowa m'tchalitchi agwidwe nthumanzi.

Pansi pa mdimawo ndi pamene ndinadabwa. Pali timapiri, kamtsinje, ndi kamsewu kopita kutali, kakucheperachepera mpaka kuzimirira. Ndinafuna kulowetsamo chala. Akuti imeneyo ndi nthawi ya Kubadwanso, pamene ojambula anaphunzira kuonetsa pafupi ndi patali pathabwa lafulati, ndipo anayamba kuona golide ngati chinthu cha agogo awo. Wina wa iwo ndiye anamuphimba.

Pansi penipeni ndiye pali golideyo, wa m'ma 1300. Abwana atamufika anati, "Apa panalibe pafupi, panalibe patali, panalibe nyengo. Ankajambula malo amene dzuwa sililowa."

Ndinalimba mtima ndinafunsa kuti, "Nanga onsewa ankaphimbiranji za anzawo?" Anaseka. "Aliyense ankaganiza kuti akukonza, Kachetechete. M'badwo uliwonse umachita manyazi ndi zovala za mayi wake. A masiku ano ndiye asiyiratu nkhope, akungomwaza penti pansalu n'kumagulitsa."

"Nanga inu?" Zinangondipulumuka.

"Ine sindiwonjezera kanthu. Ine ndimangochotsa."

Bambo, mawu anu aja sindinanenebe. Ndayesa katatu. Kamodzi ndinafika mpaka poti, "Bwana, nkhope ija," iwo n'kuti, "Inde, ndaiona, yapendekeka ngati ya munthu wodwala dzino." Amisiri aja anaseka, ine ndinapita kukatsuka mabotolo otsukatsuka kale.

Pasaka ikapita kubwera akuluakulu a ku ofesi kudzagamula kuti achotse mpaka pati. Chonde, lembani inuyo kwa bwana Lensi, kapena a Don Celso alembe. Mawu a papepala amawamva kuposa a munthu wosesa. Mulembe dzina lanu ndi la Amayi. Ine ndikapereka ndi manja awiri.

Ndine mwana wanu,
Nerina


Valdisorbo, 9 Epulo

Nerina,

Ndalemba ndekha, n'chifukwa chake zilembo zili zazikulu ngati za pangolo. Ndili moyo. Mankhwala ndinalandira.

Egisto anandiwerengera zonse, za dzino zomwe.

Ukuti ndilembe dzina langa kwa bwana wako. Mwana wanga wakhala naye m'nyumba imodzi miyezi iwiri, dzinalo lamukanika kutchula. Ngati likulemera mwana, pepala lingalinyamule bwanji? "Munthu wina wa konko." Chabwino. Munthu wina wa konko alibe chonena kwa anthu ophunzira.

Ine ndine wopenta ngolo ndi zitseko, sindinakanepo. Pamene denga linagwa, palibe wa ku Firenze anabwera. Nkhope imene ndinaipeza inali itafufuma ndi madzi, ikugwa ngati makungwa. Inagwa ndi zonse za pansi pake. Ndinaona ndi maso anga kuti mbali imodzi kwatsala thabwa lokhalokha, mbali inayo diso limodzi lalitali ndi chibwano. Ndinamata, ndinasalaza. A Don Celso anati, Torello, tijambulire nkhope iliyonse, anthu asapemphere kwa thabwa. Ine nkhope ndinkadziwa imodzi. Amayi ako, Argia, anali atangotha chaka m'manda.

Sindinapemphe chilolezo kwa wa mitambo uja, nayenso sanapemphe kwa wa mdima. Ndiye achite zimene akudziwa. Ine thabwa sindilifuna.

Uzivala masokosi, kumeneko n'konyowa.

Bambo ako


Firenze, 4 Juni 1961

Okondedwa Bambo anga,

Pepani kuti ndakhala nthawi yaitali osalemba. Muli bwanji? Tirigu wacha bwanji chaka chino?

Kalata yanu ndinaiwerenga kambirimbiri. Pamene munati achite zimene akudziwa, ine ndinatenga kuti mwalola, ndipo ndinati si kwa ine kutsutsa mawu a Bambo. Tsopano ndikuona kuti mwina munalemba ndi mtima wopweteka, mukudikira kuti ine ndiimirire. Sindinamve. Ndine wopusa pa zimenezi. Koma manyazi ndi inu ndilibe, Bambo, sindinakhalepo nawo. Ndimachita mantha ndi mawu anga omwe akamamveka m'chipinda muli anthu.

Akuluakulu aja anabwera atatu, mmodzi mayi wa magalasi. Anasuzumira m'timazenera, anakangana pang'ono za timapiri tija, mayiyo ankafuna titsale. Pomaliza anagwirizana kuti zonse zichoke mpaka pagolide. Ine ndinawapatsa khofi.

Ntchito inayambira m'munsi. Chovala chanu chabuluu chinapita, tiangelo tinapita, mdima unapita. Kamsewu kaja ndinakataya ndekha ndi thonje lakuda. Sabata yatha kunatsala nkhope yokha pakati pa golide, ngati chilumba.

Lachitatu abwana anandiuza kuti ndikulunge thonje lambiri, mawa ayamba pamphumi. Ndinaima pomwepo osasuntha. Anati, "Wagontha?" Ndinati, "Bwana, amenewo ndi amayi anga. Anajambula ndi bambo anga, a Torello Bruschi."

Anavula magalasi. Anandiyang'ana, anayang'ana thabwa, anandiyang'ananso. Kenaka anakuwa mpaka amisiri aja anatuluka panja. "Miyezi inayi! Ndakhala ndikunyoza bambo ako pamaso pako miyezi inayi, iwe ukundipatsa thonje! Ukanati unene akuluakulu aja asanabwere, mayi uja akanakuimira. Tikanatha kusiya nkhopeyi, kapena kukangana nawo chaka chathunthu. Tsopano asaina, ndipo alengeza kale kuti achionetsa kwa anthu mu Sepitembala."

Ndinawauza zimene munalemba, kuti pansipo patsala theka lokha la nkhope. Anati akukhulupirira, koma kwa a ku ofesi theka la m'ma 1300 ndi lalikulu kuposa yathunthu ya 1945. Sananene mwachipongwe. Anakhala pampando n'kugwira mutu.

M'mawa mwake sanatenge kampeni. Anatenga thonje ndi madzi ofunda, n'kutsuka mwaye wa makandulo pankhope ya Amayi, okha, tsiku lonse. Atatha anandiitana.

Bambo, sindinkadziwa kuti anali ndi masaya ofiira. Ine ndinkayesa anali akuda ngati mkate wopserera. Ndi mtsikana, Bambo. Sasiyana kwambiri ndi ine msinkhu.

Abwana akuti adikira mpaka pa 24 Juni, tsiku la Yohane Woyera, osapitirira. Akuti mubwere mudzawaone. Adzakulandirani okha pabasi, ndipo mudzagona kwawo. Anatinso ndikuuzeni kuti khutu munalijambula bwino, ndipo khutu ndi lovuta.

Chonde bwerani. Achimwene akuperekezeni, ndi tsiku limodzi lokha.

Ndine mwana wanu,
Nerina


Valdisorbo, 2 Julayi 1961

Mlongo wanga,

Ndikudziwa kuti wakhala ukudikira, ndipo ndilibe pobisala. Kalata yako inatipeza tili pakati pa kumweta tirigu. Ndinawawerengera a Bambo tsiku lomwelo, osadumpha mzere, ndikulumbira. Anati, "Tikamaliza munda wa kumtunda." Titamaliza anati, "Tikapuntha." Ine sindinawakakamize. Mwina ndikanatero. Ukudziwa chimene ndinkaganiza, ndinakulembera kale, ndipo sindikunyadira.

Pa 22 anandidzutsa okha. Ndinawapeza atameta ndevu, atavala suti yawo ya ukwati ija, imene tsopano ikuwakwana ngati thumba. Mlamu wako anawakonzera mkate ndi tchizi m'kansalu. Ananyamulanso botolo la mafuta a azitona loti akapatse bwana wako. Tinatsika mpaka pamlatho pamene pamaima basi. Mai Zelinda atationa anakuwa kuti, "Torello, ukukafunsira mbeta?" Iwo anayankha kuti, "Yomweyo yakale ija." Tinaseka.

Basi inabwera. Ine ndinakwera, ndinatembenuka kuti ndiwagwire dzanja. Iwo ali chiimire. Woyendetsa analiza hutala. Ndinati, "Bambo, tiyeni." Anapukusa mutu. Ndinatsika, basi inapita.

Tinakhala pakhoma la mlatho nthawi yaitali. Kenaka anati, "Egisto, zaka zonsezi mwaye unkamudetsa Argia, maso anga nawo akuda. Tinkakalamba limodzi. Tsopano amusambitsa. Iye ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ine taona mmene ndililimu. Ndikaima pamaso pake ngati ndani? Ndiye ndikamuone lero kuti mawa amupale?"

Tinadya mkate uja pomwepo, n'kukwera phiri kubwerera.

Anandiuza kuti ndikulembere mawu awa: "Nerina ayang'ane m'malo mwanga. Maso ake ndi abwino." Ndinkayenera kulemba tsiku lomwelo. Ndinkangoti mwina mawa asintha maganizo, kenaka makina opunthira anabwera, masiku n'kumapita. Pepa, mlongo wanga. Mafuta aja ndatumiza ndi kalata ino.

Masiku ano salankhula kwambiri. Akudya, akugona. Dzulo anapenta ngolo ya a Fosco, koma mizere inapita uku ndi uku, ndipo a Fosco analipira osanena kanthu.

Tiuze zimene zachitika.

Mlongo wako,
Egisto


Firenze, 16 Julayi 1961

Okondedwa Bambo anga,

Pepani, ndabweranso ndi kalata. Ndikhulupirira muli bwino, ndi onse kunyumba. Mafuta anafika. Abwana akuthokoza, akuti sanayenere kulandira.

Tsiku la Yohane Woyera ndinakadikira pabasi, ndi masiku otsatira. Tsiku lililonse ndinkawauza abwana kuti mwina tirigu wakuchedwetsani, iwo n'kumati, "Chabwino, mawa." Anawonjezera sabata yathunthu ndi masiku ena, akunamiza a ku ofesi kuti mankhwala atha. Kalata ya achimwene itafika ndinawapatsa kuti awerenge okha. Anaipinda bwinobwino n'kundibwezera.

Munati ndiyang'ane m'malo mwanu. Ndinayang'ana, Bambo, ngakhale mawuwo asanandipeze. Pa nthawi ya chakudya chamasana, onse akatuluka, ndinkakhala pampando pafupi ndi tebulo n'kumadyera pomwepo. Tsitsi linali lofiirira, pang'ono likutuluka m'mbali mwa nsalu ya kumutu. Pansi pa diso lamanzere panali kadontho. Milomo inali yotseka, koma ngati ya munthu amene akudziletsa kuseka m'tchalitchi. Abwana anajambula chithunzi cha kamera, ndachiika m'kalata muno. Koma n'chotuwa, masaya aja sakuonekamo. Musadandaule ngati simuwazindikira.

Tsiku lochotsa anandiuza kuti ndipite kokayenda, andilipirabe. Ndinakana. Ndinati thonje ndipereka ndine. Anayambira pamphumi, kenaka masaya, kenaka pakamwa. Maso anasiya komaliza.

Pansi pake zinali monga munanenera. Diso limodzi lalitali, lopyapyala ngati tsamba la azitona, mphuno theka, ndi chibwano. Mbali inayo thabwa. Akuti pamenepo adzaza ndi timizere ting'onoting'ono totuwa, kuti aliyense adziwe kuti palibe amene wawonjezera zake. Anthu ophunzira akubwera kudzaona, ena akuvula zipewa. Ndi chokongola, sindinama. Koma chimayang'ana kupyola munthu, ngati kumbuyo kwako kuli wina wofunika.

Muwauze achimwene kuti asagule matebulo. A ku ofesi akuti tchalitchi chathu n'chonyowa ndipo chilibe loko wabwino. Chithunzicho chikhala kuno, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Kumudzi atumiza chosindikiza papepala cha kukula komweko, kuti mukhale ndi chonyamula pa mdipiti wa mu Sepitembala. Ndikudziwa zimene Mai Zelinda adzanene za ine. Madzi akatayika saoleka. Ndikanangotseka pakamwa mu Febuluwale, kapena ndikanatsegula mu Malichi. Ndinalakwitsa konse kuwiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna kufunsa, ndipo mungandiyankhe ndinu nokha.

Mwaye utachoka, zinaoneka kuti Amayi sankayang'ana Mwana amene ali m'manja mwawo kumanzere. Sankayang'ananso anthu a m'tchalitchi. Maso onse awiri ankayang'ana pansi, chakumanja, kunja kwa thabwa, kumene kulibe kanthu. Abwana anati zimachitika kwa munthu amene sanaphunzire, amafuna maso apite uku, burashi n'kuwatengera kwina. Mwina ndi zoona.

Koma ndikukumbukira pang'ono, ngati m'maloto, fungo la penti ndi kuzizira kwa miyala ya pansi m'tchalitchi. Ndikuona ngati masiku amene munkajambula munkanditenga, chifukwa kunyumba kunalibe wondisiyira, ndipo munkandikhazika pansi pafupi ndi makwerero anu, nditagwira chitini. Sindikudziwa ngati zinachitikadi kapena ndazipanga ndekha masabata ano. Sindikudziwanso kuti inali mbali iti. Tsiku lina onse atatuluka ndinakhala pansi kumanja kwa thabwalo, litaimikidwa, kuti ndione. Maso aja anandipeza.

Bambo, kodi linali dzanja lanu linaphonya, kapena munachita dala? Ngati kunali kuphonya mundiuze zoona, ndilandira. Musavutike ndi kalata yaitali, mzere umodzi wa zilembo zanu zazikulu zija ukwana. Mundiuzenso ngati ndingabwere mu Sepitembala.

Chonde mundiyankhe msanga. Ndizikafunsa pabasi tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Nerina